Kalata kwa akuluakulu oona za chikhalidwe ndi ma TV: ana aku Mangochi akufuna katuni ndi gemu ya kwawo

Kwa a Nduna oona za chikhalidwe ndi achinyamata, mabwana a ma TV a m'dziko muno, komanso a khonsolo yathu kuno ku Mangochi,

Zikomo mabwana. Ndalemba poyera dala kuti aliyense amene nkhaniyi ikumukhudza aiwerenge yekha osati kuchita kuuzidwa. Ine ndine mwana wa konkuno, ndinabadwira kwa Mponda, ndipo ndili ndi kashopu ka magemu pa boma pano chaka chachisanu tsopano, ma TV awiri, ma PlayStation awiri, mabenchi atatu ndi kasola kamene kamangokwanitsa kutchaja mafoni magetsi akathawa. Tsiku lililonse kuyambira ana akaweruka kusukulu mpaka azana ya madzulo ndimakhala ndi ana ndi achinyamata, ena osewera, ambiri ongoonerera poti ya gemu alibe, ndipo zimene amakambirana pa mabenchi paja palibe ofesi imene imazimva. Nde ndati ndikubweretsereni.

Pali mnyamata wina wa Fomu 3, dzina sinditchula, amene mapu onse a GTA San Andreas ali m'mutu mwake. Ndikudziwa kuti gemu imeneyi si ya ana ndipo ang'onoang'ono sindiwalola, koma mvetserani kaye. Mnzake akamasewera iye amangokhala kumbuyo kumulondolera, khota kumanja apo, dutsa pansi pa buliji, kutsogoloko kuli garaja yopentetsa galimoto apolisi akutaya, ndipo salakwitsa olo kamodzi. Mzinda wa mu gemuyo ndi wopeka, anaupanga potengera Los Angeles, koma mwana uyu amaudziwa kuposa mmene amadziwira Namwera. Bambo ake ndi siginala. Kwa inu amene simunagonepo panyanja, siginala ndi munthu uja amakhala mubwato ndi nyali usiku wamdima kuitana usipa kuti usonkhane, kenako nkuwauza alovi nthawi yoponya chilimira. Munthu ameneyu amawerenga madzi mumdima, amadziwa pamene pansi pali miyala, mphepo ikamatembenuka amaimva anzake onse asanazindikire, pobwerera kumtunda amangoyang'ana phiri ndi nyenyezi basi. Nditamufunsa mwana uja kuti nanga bwanji mapu a bambo ako sunawaloweze ngati awa, anandiyang'ana modabwa nkuti, "Zijazi nzosodza chabe, mulibe stori."

Mawu amenewo anandipweteka, ndipo sindikumuimba mlandu mwanayo ayi. Chibadwire chake chilichonse chimene anachiona pa sikirini chili ndi nyimbo kumbuyo, chili ndi ngwazi yake, chili ndi malevulo, chinali cha kwina. Mwana amaphunzira msanga kuti malo amene amaoneka pa sikirini ndi amene ali ndi nkhani, kwawo nkongodikirako tsiku lopita ku Joni.

Tsiku lina mwezi wa June mwera ukuomba, magetsi anathawa cha m'ma 2 koloko, koma ana sanabalalike, anangokhala kudikira. Ndinati aise, mmalo mongokhala tiyeni tipange gemu yathu pakamwa, ya panyanja pompano. Poyamba anaseka. Koma mabwana, zimene zinatsatira ndikanakonda mukanakhalapo. Anakangana maola atatu osapuma, magetsi anabwera palibe anadzuka kukayatsa TV. Anagwirizana kuti umayamba ngati mlovi wamba wopanda bwato wopanda ukonde, ntchito yako kupalasa ndi kukoka, ndalama ukulandira zotsalira mwini boti atachotsa kale za mafuta ndi zake. Wina anati payenera kukhala batire ya nyali imene ikutha pang'onopang'ono pakona ya sikirini, ikatha uli pakati pa nyanja zako zada. Mwana wa siginala uja, yemwe uja anati mulibe stori, anadzuka nkunena kuti ayi mwaiwala mwezi, mwezi ukawala usipa subwera pa nyali, nde gemu iyenera kukhala ndi kalendala ya mwezi, masiku owala uzikhala kumtunda kusoka maukonde kapena kutakata bawo ndi madala kuti akuuze malo obisika. Anawonjezera mwera wochokera kummwera ndi mpoto wochokera kumpoto, iliyonse ndi mafunde ake ndi kapalasidwe kake. Anaikamo ng'ona ndi mvuu pa Shire pamene madzi amatuluka m'nyanja kulowera ku Malombe.

Kenako mtsikana wina amene ankabwera ndi mchimwene wake Loweruka akaweruka ku madrasa, mayi ake amagulitsa nsomba mumsika, anayankhula kamodzi kokha koma onse anakhala chete. Anati muikemo neti ya udzudzu, munthu azitha kusankha kuigwiritsa ntchito, levulo yoyamba azipha zambiri ndi kulemera msanga kuposa anzake, koma akafika levulo 5 apeze chambo chatha nyanja yonse ndipo gemu isamuuze chifukwa chake, azindikire yekha. Palibe amene anamutuma mwana ameneyu kuti aphunzitse za kusamala nsomba. Palibe anatchula nyengo yotseka nyanja ngati lamulo lochokera ku ofesi. Zinatuluka zokha chifukwa anali kumanga dziko loti liziyenda ndi malamulo ake enieni, ndipo malamulo a nyanja iyeyo amawaona pa beseni la mayi ake, chambo chikucheperachepera chaka ndi chaka.

Mkangano waukulu unali pa bosi womaliza, mdani wamkulu uja umakumana naye kumapeto kwa gemu. Ndinawauza zimene ndikudziwa, kuti nyanja yathuyi kumpoto imazama mamita pafupifupi 700 ndipo pansi penipeni madzi ake mulibe mpweya woti nsomba nkukhalamo. Nde funso linali loti kumdima kumeneko kumakhala ndani. Wina anati kukhale mudzi wa anthu a sitima ya Vipya, ija inamira mu July 1946 nkufa anthu 145, poti chikumbutso chake amachiona pafupi ndi nsanja ya wotchi. Ena anakana kwamtuwagalu, amvekere amenewo anali anthu enieni, ali ndi zidzukulu zamoyo, sungawasandutse mizukwa yoti uziiombera. Anamaliza pogwirizana kuti akhalemo koma ngati okuthandiza, okulozera njira ukasochera mu mwera, osati adani. Ana a pulayimale ndi sekondale mabwana, kukambirana okha za ulemu wa akufa mu nkhani yopeka, pa benchi ya shopu ya magemu.

Za nsomba zokha sanathe nkomwe. Kaligono amagona chammbali pamchenga ngati wafa, tinsomba tikabwera kudzamujompha iye nkutimeza, amenewo anati ndi msampha wa mu levulo ya pansi pa madzi. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake mkamwa mpaka atalimba, anati pamenepo ndi posevera gemu, ukathawira mkamwa mwa mayi palibe chingakugwire. Nyanja ino ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, nchifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wake mu 1984, azungu amasunga mbuna zathu m'magalasi m'nyumba zawo ku Ulaya, koma mwana waku Chembe katuni ya nsomba imene amaidziwa ndi ya m'nyanja ya mchere.

Patatha sabata mnyamata uja anabwera ndi kope, wajambula mapu a nyanja kuyambira pa buliji mpaka Monkey Bay ndi tsidya lija la Malindi ndi Makanjira. Anati anawaonetsa bambo ake, bambowo anatenga bolopeni nkuyamba kukonza, apa si choncho, apa pali mwala, apa timapatchula chakuti, mpaka usiku. Akuti chibadwire anali asanachezepo nawo nthawi yaitali choncho.

Tsopano tikambe za makatuni amene amapangidwa okamba za ife, chifukwa alipo ndithu ndipo apa mpamene mtima wanga umawawa. Chaka chatha kunabwera gulu lina ndi projekita pa bwalo lina kuno, tinapita ambiri mpaka ana kukwera m'mitengo. Katuni itangoyamba kuyankhula Chichewa ana anakuwa ndi chimwemwe, zinali zokoma kuona. Koma taonani anthu ake. Msodzi ndi chidakwa chonyengerera atsikana ndi nsomba. Bambo wovala mzuli ndi mkanjo ndi amene akukakamiza mwana wake ukwati. Mwana wosambira panyanja akukodza magazi. Wanzeru yekhayo ndi mlendo wa galimoto yoyera wochokera ku tauni. Chiyao chinamveka kamodzi kokha, mkamwa mwa anganga okana kupita kuchipatala. Ndipo nyanjayo anaijambula ndi mafunde ngati aku Durban, bwato looneka ngati bafa, mgwalangwa olo umodzi palibe, mlambe palibe, mathandala oyanikapo usipa palibe, kabaza palibe, zoonetseratu kuti wojambulayo sanapatsidwe olo ya transipoti kuti adzaone malo amene akujambula.

Sindikukana kuti mavutowa alipo. Likodzo lilipo, maukwati a ana alipo, kolera ya 2022 ndi 2023 inatipweteka kwambiri kuno ndipo maliro tinaika. Uthenga ndi wofunika. Koma ngati nthawi yokhayo imene mwana waku Mangochi akudziona pa sikirini ndi pamene ali chitsanzo cha vuto, mukumuphunzitsa chinthu china chimene simunachilembe mu lipoti lanu, choti iye ndi kwawo ndi chipembedzo chake ndi chilankhulo cha amayi ake ndi zinthu zofunika kukonzedwa. Mmawa mwake ana pa shopu anali kunyozana kuti iwe wa likodzo, ndipo nditawafunsa dzina la mwana wa mu katuni muja palibe analikumbukira. Ana omwewa amatchula mayina a anthu a mu anime yaku Japan mpaka agogo awo ndi mafuko awo ndi mphamvu zawo. Nde vuto si mutu wa ana ayi. Pali kamnyamata kena kachialubino kamene kamawina anzake onse pa mpira wa pa TV, kameneko nkhope yonga yake kamangoiona pa maposita ochenjeza, sikanaionepo ikupulumutsa mudzi kapena kungoseka ndi anzake mu nkhani imene khungu lake si mutu wa nkhani.

Za kunja nazo nzimodzimodzi. Pali gemu ina yotchuka ya mizukwa imene nkhani yake anaiika mu Africa, ndinaichotsa pa shopu nditaona ana akuombera khamu la anthu akuda mumsika wooneka ngati wathu womwewu, wina nkumati uyo akufanana ndi amalume. Akunja sindingawalembere kalata, sangaiwerenge. Inu ndi amene mungamve.

Ndipo musanene kuti nzosatheka kuno, chifukwa aneba athu achita. Supa Team 4 imene inatuluka pa Netflix mu 2023 anaiyambitsa ndi mayi waku Zambia, Malenga Mulendema, nkhani ya atsikana anayi asukulu opulumutsa mzinda wa Lusaka wam'tsogolo. Nditaionetsa pa shopu atsikana amene nthawi zonse amaima pakhomo analowa mpaka kukhala kutsogolo, amvekere taonani tsitsi lake, taonani nsalu yake, mayina ngati Temwe ndi Monde akumveka ngati a anthu oti ungakumane nawo mu minibasi. Koma chimene ndikufuna muone ndi nthawi yake. Mayi ameneyu anasankhidwa pa mpikisano wa nkhani wa kampani ya Triggerfish yaku Cape Town mu 2015, katuni nkudzatuluka 2023. Zaka 8. Panali anthu amene anakhulupirira nkhaniyo nkuipirira zaka zonsezo, osati wekishopu ya masiku atatu ku hotela ya kunyanja kuno, ma alawansi, chithunzi cha pagulu, basi aliyense kwawo. Ku Cameroon anyamata a Kiro'o Games ku Yaoundé anatulutsa gemu yawo ya Aurion mu 2016 akulimbana ndi kuthimathima kwa magetsi ngati ife tomwe. Ku Tanzania a Ubongo akhala akupanga makatuni a ana ku Dar es Salaam kwa zaka zoposa khumi ndipo amaonetsedwa m'maiko ambiri. Ndipo mu 2025 mphoto ya Oscar ya katuni inapita ku Latvia, dziko la anthu osakwana 2 miliyoni, katuni yopangidwa pa Blender, pulogalamu yaulere imene aliyense angathe kuitsitsa. Boma la Mangochi lokha pa kalembera wa 2018 tinali oposa 1.1 miliyoni.

Nkhani zoti nkupangira tili nazo zochita kutayika. Ingoimani pa nsanja ya wotchi ya Queen Victoria pafupi ndi buliji ya Bakili Muluzi muyang'ane uku ndi uku. Pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu August 1914 inapita kukaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann tsidya la Tanzania, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene, oyendetsa sitima ya Majeremaniyo asanamve nkomwe kuti kuli nkhondo. Tauni ino inayamba ngati Fort Johnston mu 1891, chaka chomwecho ankhondo a Makanjira anapha Captain Maguire tsidya lija, ndipo Jalasi anakhala pa phiri la Mangochi osagonja mpaka 1895. Mu February 1965 Masauko Chipembere ndi anthu ake analowa mu tauni muno usiku nkukathera pa doko la Liwonde. Ku Cape Maclear kuli Mwala wa Mphini ndi manda a amishoni a Livingstonia amene anafika 1875. Ilala ikuyendabe chiyambire 1951. Zonsezi mwana amaziloweza kuti akhoze mayeso kenako nkuiwala, pomwe nkhondo za ma samurai amazidziwa mwezi ndi tsiku chifukwa anazisewera ndi manja ake.

Koma apa ndichenjeze, chifukwa ndikudziwa mmene zimakhalira ndalama ya boma ikalowapo, pamabwera mtima wofuna kutsuka nkhani kuti iwale. Mafumu omwewa amene analimbana ndi atsamunda ankachitanso malonda a akapolo ndi minyanga kupita kugombe la Kilwa, ndipo amene ankagwidwawo ambiri anali anthu a m'mbali mwa nyanja momwemu. Pa benchi yanga pamakhala zidzukulu za mbali zonse ziwiri, Ayao, Anyanja, Alomwe, Angoni, Asilamu ndi Akhristu, akulandirana padi imodzi. Nkhani yabwino iyenera kupirira zoona zonsezo, munthu akhale wolimba mtima komanso wolakwa nthawi imodzi. Ana amazindikira msanga nkhani yowanamiza, amangoti yabhowa nkutuluka.

China, si chilichonse cha chikhalidwe chimene chili choti nkuika pa sikirini. Za ku ndagala, za jando ndi nsondo, zili ndi eni ake, angaliba, anakanga ndi mafumu, monganso za ku dambwe zili ndi eni ake ku chigawo chapakati. Wojambula asamangotola chigoba cha gule nkuchisandutsa chilombo cha mu levulo 3 chifukwa chikuoneka choopsa. Apite akafunse, akauzidwa kuti apa ayi amve. Zoti nkugwiritsa ntchito poyera nzambiri kale, beni ndi mayunifomu ake ndi maulemu ake a usilikali ndi gemu ya kuvina yokwana payokha, manganje a tsiku lotuluka anamwali, sikiri, bawo ya malamulo athu enieni yokhala ndi mawu a mdala wokunyogodola ukalakwitsa kutakata. Olo ulendo wa ku Joni umene, kudutsa Tete, Nyamapanda, Beitbridge, nyumba iliyonse kuno ili ndi munthu amene anauyenda ndipo aliyense ali ndi nkhani yake yosiyana, ina yoseketsa ina yoliritsa.

Chilankhulo musachiope. Mavidiyo sho onse kuno amadzadza chifukwa cha mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ, anthu amasankha filimu potengera amene wayankhulamo osati amene wasewera. Msika ulipo kale umenewo. Koma Chichewa chake chikhale cha anthu, mwana waku Mangochi aziyankhula mosakaniza ndi Chiyao mmene timayankhulira, ali uli, sikomo, che uje, ndipo wanzeru wa mu nkhani naye aziyankhula Chiyao nthawi zina. Oika mawu muwatenge konkuno, alipo ana a madrama m'sukulu ndi m'mawailesi a m'madera oti akayankhula munthu umaiwala kuti ukuonera zojambula.

Nde pempho langa ndi ili. Ikani thumba la ndalama la makatuni ndi magemu limene funso lake loyamba ndi loti nkhani yako njotani, osati uthenga wako ngotani. Lisakhale lalikulu poyamba, lingokwanira kuti timagulu ta anthu atatu kapena anayi tipange katuni ya mphindi zisanu kapena levulo imodzi ya gemu, amene achita bwino apatsidwenso chaka chotsatira, ndi chotsatiracho, mpaka chinthu chikule. A COSOMA oteteza umwini wa ntchito za aluso amatolera kale ndalama pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu ndipo ali ndi thumba lothandiza aluso, a MACRA oyang'anira za mafoni ndi mawailesi ali ndi Universal Service Fund, thumba lothandiza kufikitsa mafoni ndi intaneti kumidzi, a TEVETA oona za maphunziro a ntchito zamanja amagwira ntchito ndi makoleji a m'madera, ku yunivesite ya MUST kuli sukulu ya za chikhalidwe. Zitseko zilipo, chofunika nkuti wojambula katuni ndi wopanga gemu alembedwe pa mndandanda wa anthu oyenera kulowa, ndipo mafomu ake akhale oti mwana waku Makanjira angathe kudzaza pa foni, m'Chichewa, osachita kukwera basi kupita ku Lilongwe. Pa gulu losankha muikepo achinyamata amene amaonera ndi kusewera zinthuzi, chifukwa iwowo ndi amene amadziwa pamene nkhani yafooka.

Inu a ma TV, TV ya dziko lino inayamba 1999, ana amene anabadwa chaka chimenecho pano ali ndi ana awo. Tipatseni theka la ola Loweruka mmawa la makatuni a kuno okhaokha, ndipo muzigula ntchitoyo, wopanga asamachite kusaka yekha sponsa kuti alipire nthawi ya pa TV pamwamba pa miyezi imene wagona pa laputopu. Zoyamba zidzakhala zosalala pang'ono, mayendedwe olimba, milomo yosagwirizana ndi mawu, onetsanibe. Ana amakhululuka zojambula zofooka ngati nkhani yawagwira, ndimawaona akuonera tima katuni ta pa TikTok topangidwa pa foni mpaka bandulo kutha chifukwa choti tikuyankhula ngati iwowo.

A National Library Service pamodzi ndi a UNESCO anazungulira dziko lino kujambula nthano kwa agogo, ntchito yabwino kwambiri. Nthano zimenezo zifike kwa ojambula mosavuta, ndi chilolezo chomveka bwino choti atha kupangira katuni, ndipo mudzi umene nthanoyo inachokera uzitchulidwa ndi kupindulako.

Kwa a khonsolo ndi oyang'anira Lake Malawi Museum, ndikupempha chipinda chimodzi. Makompyuta asanu olimbako, matabuleti ojambulira, sola yoti magetsi akathawa ntchito isatayike, ndi munthu mmodzi wodziwa Blender, Krita ndi Godot, onsewa ndi mapulogalamu aulere opangira zojambula, makatuni ndi magemu, woti aziphunzitsa masana ndi Loweruka. Ana akhale akujambula Guendolen akuiona mbiri yake chipinda chinacho. Ndipo masiku ena akhale a atsikana okhaokha, chifukwa pa shopu ngati yanga pa ana khumi mtsikana amakhala mmodzi kapena awiri, makolo salola ndipo ndimawamvetsa, koma kumalo ngati ku museum angalole. Mtsikana wa neti ya udzudzu uja ndi amene anali ndi mutu wa gemu kuposa anyamata onse tsiku lija, ndipo pano anasiya kubwera poti wakula. Msonkho wa zipangizo zojambulira nawo muuonenso, tabuleti yaing'ono yomwe ikafika kuno mtengo wake umakhala woti mwana wasukulu sangayerekeze.

Gemu yake isakhale yofuna foni ya mamiliyoni. Ikhale yopepuka, yosewera popanda data, yoti ana atha kutumizirana foni ndi foni, ndipo wofuna malevulo owonjezera azilipira pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa za makhadi a ku banki ndi madola kuno nzosayamba.

Ndikudziwa ena anena kuti dziko lili ndi njala, m'zipatala mankhwala akusowa, iwe ukukamba za zidole. Ine ndimakhala konkuno, mavutowo ndi anga omwe, ngongole ya ufa ndimaidziwa. Koma pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, ndipo maso awo ali kale pa sikirini kaya inu mufune kaya musafune. Chimene ndikuona ine ndi choti anyamata amene ankabwera kudzasewera mpira wa pa TV zaka zitatu zapitazo pano ali pa kandege, kubetcha ndalama ya usipa wa usiku wonse pa mphindi imodzi. A kubetcha anafika kale mpaka kumudzi, m'Chichewa, pa foni ya mabatani yomwe, anaona kuti mwana waku Mangochi ndi woyenera kumupangira chinthu. Zikundiwawa kuti amene anamuona msanga ndi amenewo. Komanso iyi ndi ntchito, wolemba, wojambula, woika mawu, woimba, wa mapulogalamu, ntchito yoti munthu angaigwire ali ku Namiyasi osawoloka Limpopo. Ndipo oona zoyenera kuonetsedwa musadzathamangire kuletsa nkhani chifukwa muli mizimu ya m'madzi kapena nyama zoyankhula nkumati ikulimbikitsa ufiti, nthano za anganga athu zinali zodzadza ndi zimenezo ndipo tinakula bwinobwino.

Kope la mapu lija lili mu drowa yanga pa shopu, mwini wake anandisungitsa poopa kuti kunyumba lingayatsidwire moto. Lafika masamba 23, muli zilumba za Thumbi ndi Domwe, muli kalendala ya mwezi, muli nkhope ya siginala imene aliyense akaiona amadziwa kuti ndi bambo ake. Chaka chamawa alemba Fomu 4, ndipo amalume ake ku Johannesburg anamuuza kale kuti akangomaliza amutumizira ya basi. Mukadzabwera ku misonkhano yanu ku mahotela a kunyanja kuno, Loweruka lake musanabwerere, dzafunseni akabaza pa boma kuti shopu ya magemu ya ana ojambula mapu ili pati, adzakufikitsani. Mudzafike cha m'ma 2 koloko ana ataweruka ku madrasa, ndidzakusungirani malo pa benchi ndipo kopelo adzakutsegulirani yekha.

Ine wanu,
Mwini kashopu ka magemu, Mangochi boma